Jambulani Zimene Mukuona

Mpaka lero ndimanenabe kuti phunziro lija linali labwino kuposa onse amene ndinaphunzitsapo. Kungoti linandidyera udindo.

Inali nthawi ya chipani chimodzi, ine ndikuphunzitsa pasukulu ina kufupi ndi Kacholola. Dzina langa linali litapita ku Petauke kuti ndikhale wachiwiri kwa ahedi, ndipo tinkangodikira woyendera sukulu kuti adzandione ndikuphunzitsa. Tsiku lobwera anthu amenewa sankanena.

Ana anga a giredi seveni anali ndi matenda amodzi. Ukati jambulani munthu, aliyense ankangozunguliza kamutu, n'kusomekapo timitengo ta manja ndi miyendo, basi wamaliza. Choncho masana ena mu Okutobala ndinakoka mpando n'kuuika kutsogolo.

"Lelo mujambula ine," ndinatero. "Osati munthu wa m'mutu mwanu, iyai. Zimene maso aona ni zimene pensulo ilemba. Osanikongoletsa."

"Nanga dazi, aticha?" anafunsa Misozi, mtsikana wosaopa munthu.

"Ngati uliona, liike."

Kenako ndinaika lamulo limene linandipha. Paja mlendo akalowa m'kalasi, ana amadzuka onse n'kupereka moni mokuwa, mabenchi ali gwedegwede. Ine ndinaletsa zimenezo.

"Olo alowe a Gavanala, palibe kunyamuka, palibe moni. Maso pali ine."

Ndinakhala pampando paja ngati bwana, chibwano m'mwamba, dzanja pabondo. M'kalasi munangoti zii, kumangomveka mapensulo okha. Malata ankawotcha pamutu, m'mimba muli munkoyo umene ndinamwa pa nkhomaliro (munkoyowo unali wogonera, koma zimenezo tizisiye). Ndinati nditsinzine pang'ono chabe, ndipumitse maso.

Chimene chinandidzutsa ndi mkonono wanga womwe.

Ana onse anali akujambulabe mwakhama. Koma pabenchi yakumbuyo panali mwana wina wamkulu wovala tayi, mawondo atafika pachifuwa, nayenso pensulo ili m'manja. Anali a Daka, woyendera sukulu uja.

"Misozi! Simunaniutse bwanji?"

"Munakamba kuti olo a Gavanala, aticha."

A Daka anayenda benchi ndi benchi kuona mapepala, ine ndikutsatira pambuyo. Abale inu, ana aja anaona! Timitengo tija panalibenso. Mutu utapendekera paphewa, kukamwa kuli yasa, dovu likutsikira pakolala, nsapato imodzi itavuka. Misozi anaikanso ntchentche pamlomo, ya mapiko ndi miyendo yomwe (dazi analipatsa ulemu wake, linkachita kunyezimira). Manyazi anandigwira, koma kunena zoona, ndinanyadanso. Ndani wina akanawaphunzitsa kuona chonchi?

"Bambo, nayenda masukulu ambili," anatero a Daka, "koma ana oona bwino monga aba sininawapezepo. Njila yanu igwila nchito."

Ine chifuwa chinayamba kukwera. Ndinakonzako ndi kolala yonyowa ija.

"Vuto ni imodzi chabe," anapitiriza, akupinda pepala lawo n'kuliika m'thumba. "Na ine nifunika kulemba zimene naona. Osakongoletsa."

Udindo uja unapita kwa mnzanga wina wa ku Nyalugwe, munthu woti ngakhale dzira sangalijambule. Njira yanga sindinaisiye, ndipo sindidzaisiya. Kungoti kuyambira tsiku limenelo, pampando paja ndimaikapo dzungu. Nalonso limangogona, koma silidikira kukwezedwa.