Madala Opatsa Moni Mapolo

Kuno ku Chilomoni mukatchula a Ellard Namakhwa, aliyense akuuzani chimodzi: ndi madala aja ankapatsa moni mapolo a telefoni.

Anagwira ntchito zaka makumi atatu ku kampani ya matelefoni, kukonza chingwe chachikulu cha kopa chochokera m'tauni, chija chimanyamula mafoni onse a m'nyumba. Atapuma pantchito sanachitaye. M'mawa uliwonse ankayenda m'mbali mwa msewu, kugogoda polo ndi ndodo, kenako n'kugunditsapo khutu.

"Likuti bwanji lero, madala?" tinkawafunsa.

"Likuti muli ndi mafoni awiriawiri m'thumba, koma wokuimbirani palibe."

Akuba atadula chingwecho pamlatho, a Ellard anamanga tayi n'kukwera minibasi, kontirakiti ya 1994 ya foni yawo ya m'nyumba ili m'jumbo ya shuga. Ku ofesi anakapeza kalaliki wina, dzina lake Idah.

"Bambo, zingwe zachikale za analogi zimenezi tikuzichotsa. Tikupatsani foni yopanda waya ndi nambala yatsopano."

"Werengani ndime yachinayi, mayi. Akuti kampani idzasamalira chingwe. Sanalembe kuti idzasamalira ikafuna."

Anakhala pabenchi la ofesiyo masiku atatu ndi fulasiki yawo ya tiyi, mpaka alonda anayamba kuwasungira malo. Chingwe chinalumikizidwa. Pambuyo pake anayamba makalata, mwezi ndi mwezi, onse otchula ndime yachinayi.

Pa owaseka, ine ndinali patsogolo, ndipo lero zimandichititsa manyazi. Tsiku lina ndinafunsa akazi awo, mai Olive, kuti makani onsewa n'ngachiyani pa foni yosalira n'komwe. Anandiyankha kuti:

"Tithokoze, mwana wathu, anapita ku Joni mu 2003 atayambana ndi bambo ake. Nambala imene amaidziwa pamtima ndi ya m'nyumba muno basi. Akaisintha, iye akadzaimba adzapeza ndani?"

Kuyambira tsiku limenelo sindinawasekenso.

A Ellard anatisiya m'mwezi wa Juni, kukuzizira. Masana a tsiku lachiwiri la maliro, amayi a mvano ali pakati pa nyimbo, foni ija inalira pabalaza. Nyimbo inathera m'kamwa. Mai Olive anakwawa kuchoka pamphasa n'kuinyamula.

Sanali Tithokoze. Anali Idah uja, kuwadziwitsa kuti mabwana atopa nawo makalata a a Namakhwa, ndipo chingwe chawo achisiya kwa chaka china.

"Eni ake tikuika mawa," anatero mai Olive. "Koma musadule. Ndidikira ndine."

Mapolo aja akadalipo, ena anapendekeka, ena amatapo mapepala a asing'anga. Palibe wowagogoda, ndipo m'mawa msewu wathu umakhala ngati wa eni ake. Ndimawasowa madala aja. Ndikamadutsa pakhomo pawo ndimachepetsa ndawala, khutu lili kuwindo, kuti mwina lero foni ija ilira.