Tsitsi Langa Linapita ndi Ngalande ya ku George

Mukandiona ndi tsitsi lalifupili musaganize kuti ndi fashoni. Mbali ya kumanzere kuno, pamwamba pa khutu, pali kamalo kosamera kanthu mpaka lero, ndipo amene anakapalira ndine ndemwe, ndi manja anga awiriwa. Ana anga ndimawauza kuti ndinapsa ndi mbaula ndili khanda. Inu ndikuuzani zoona.

Tinkakhala ku komboni ya George, ine ndi atate basi. Amayi anamwalira ndisanadziwe n'kupesa komwe. Atate, omwe anthu a m'komboni ankawatchula kuti ba Banda, anali mwana wa munthu amene anachoka ku Malawi kudzafuna ntchito n'kuiwala njira yobwerera. Iwo ankagwira pa fakitale yoluka nsalu ku Industrial, mpaka pamene salaula, zovala zakale zochokera kunja zija, inadzaza m'misika, fakitale n'kutsekedwa. Kuyambira pamenepo ankadzuka m'mamawa kukaima pa mageti a makampani, kudikira kuti mwina lole ibwera yofuna otsitsa katundu.

Koma Loweruka masana sankapita kulikonse. Ankakhala pa kampando pakhomo, ine pansi pa saka pakati pa mawondo awo, n'kumandiluka tsitsi. Inde, atate. Zala zozolowera ulusi wa pa makina sizinavutike ndi mutu wa mwana. Amuna opita kumowa ankaima n'kumaseka.

"Ba Banda, mwatsegula saluni manje?"

"Eya," atate ankayankha osadzutsa mutu. "Mubwere nawo akazi anu, muone mmene mutu wa munthu umasamalidwira."

Pomaliza giredi 12 tsitsi langa linali litafika m'mapewa, lakuda bii, ndipo ndinkayenda nalo ngati ndinalima ndekha.

Chaka chimenecho abusa athu anabwera ndi chinthu chatsopano chimene anachimva pa wailesi: tsiku lolemekeza abambo. Analengeza kuti Lamlungu lina m'mwezi wa Juni mwana aliyense adzaimirira kutsogolo n'kupereka mphatso kwa atate ake. Anzanga anayamba kukamba za mataye ndi masokosi. Ine ntchito ndinalibe, ndipo kupempha atate ndalama yowagulira mphatso iwo omwe, ngakhale ine ndinaona kuti n'kupusa.

Mumpingo mwathu munali mayi wina, bana Chanda, wogulitsa tomato pamsika, yemwe mawu ake ndiwo ankanyamula kwaya yonse. Anadwala, ndipo mankhwala amene ankalandira ku chipatala chachikulu anawathothola tsitsi lonse. Anasiya kubwera kutchalitchi. Ankati chitambala chikaterereka pakati pa nyimbo adzalowa pati. Tsiku lina ndinamva ba Esnart, mwini kasaluni ka pafupi ndi msika, akunena kuti atapezeka munthu wopereka tsitsi lenileni, iwo atha kusoka wigi mwaulere.

Nzeru inandigwera pomwepo (nzeru zanga zimabwera chothamanga, ndipo sizigogoda). Tsitsi langali si ntchito ya manja a atate kodi? Ndilipereka kwa bana Chanda m'dzina lawo. Mphatso yopanda kugula, koma yoti mpingo wonse ugwetse misozi. Ndisanauze wina aliyense, ndinathamangira kwa amayi busa kukawapempha kuti adzalengeze pa tsikulo. Anandikumbatira. Anapita okha kukauza bana Chanda.

Ba Esnart analigwiragwira tsitsi langa, n'kupukusa mutu. "Ni labwino maningi, koma so ilili siningasoke. Ifunika iwongoke. Uike pemu, ubwele Chisanu nizadule."

Mankhwala a pemu a m'sitolo anali a anthu olandira malipiro. Koma masiku amenewo m'tauni munalibe chosagulitsidwa pamsewu, kuyambira mawotchi mpaka mankhwala a makoswe. Pafupi ndi siteshoni ya minibasi ndinapeza bambo wina atayala timabotolo pa katoni. Anandionetsa kachitini kopanda dzina, kodzaza ndi zinthu zoyera ngati phala.

"Iyi ni ya ku Joni, ba sisi. Yamphamvu kuchila ya mu shopu."

"Nanga pepala yake ili kuti?"

"Pepala ndiye imadulitsa. Imwe mufuna pepala olo tsitsi? Muzole chabe. Ikayamba kuluma musasambe, ninshi yayamba nchito."

Lachisanu m'mawa, atate atatuluka, ndinamasula malukidwe awo, n'kupaka phala lija mutu wonse. Osati pang'ono. Ndinakomba kachitini ndi chala mpaka kuyera, n'kuvala pepala la pulasitiki kumutu.

Inayamba kuluma. Ndinamwetulira, ndati ntchito yayamba. Kenako inayamba kutentha. Ndinaimba nyimbo ya kwaya kuti ndipirire. Kenako m'nyumba munamveka fungo ngati wina akuwawula mbuzi, ndipo nditayang'ana uku ndi uku ndinazindikira kuti mbuziyo ndine.

Ndinathamangira ku mgolo wa madzi. Mbee! Madzi omaliza ndinali nditachapira mbale m'mawa womwewo (munthu wanzeru amayamba waona madzi asanayatse moto pamutu pake, koma tanena kale za nzeru zanga). Ndinatuluka liwiro, wopanda nsapato, pulasitiki ili phephephe, kulunjika ku mpopi wa tonse. Kumeneko mzere wa zidebe unali utakhota mpaka kuseri kwa tchalitchi cha a Zioni.

"Nipatseniko manzi! Napsa! Napsa!"

"Iwe, ima pa laini monga anzako!" anatero mayi wina.

Ndinavula pulasitiki ija. Sindikudziwa chimene anaona, koma mayi yemweyo anakuwa kuti "Mayo!" n'kundikhuthulira chidebe chake chonse. Ena anatsatira. Ndinagwada m'matope, madzi ozizira a mu Juni akutsika pamutu, ndipo ndinamva bwino kwambiri mpaka pamene ndinatsegula maso. M'kangalande kochoka pa mpopi munkayenda zinthu zakuda, mitolomitolo, ngati makoswe akusamuka. Ndinagwira kumutu. Chimene ndinagwiracho chinatsalira m'manja.

Onse a pa mpopi anasuzumira m'ngalande muja. Kenako gogo wina anati, "Koma yawongoka, mwandi." Anthu anaseka mpaka ena kukhala pa zidebe.

Ba Esnart atandivula chitambala masana ake, anangoti, "Yesu." Kunatsala timagulu ta tsitsi apa ndi apo, pakati pake zilonda. Wigi panalibe. Ngakhale ndevu za sewero sizikanatuluka.

Madzulo ndinauza atate kuti ndavala chitambala chifukwa cha mphepo. Anandiyang'ana. Loweruka masana ndinamva kampando kakukokedwa pakhomo.

"Mayi," anaitana (ankanditchula choncho chifukwa ndinatenga dzina la amayi awo), "bweretsani chipeso."

"Lero ayi, atate. Mutu ukundiwawa."

"Bwerani ndiuone mutuwo."

Ndinakhala pa saka paja. Anamasula chitambala pang'onopang'ono, chifukwa chinali chitamatirira. Ndinadikira kukalipa. Ndinadikira ndithu. Ndinangomva mpweya wawo pakhosi panga, kenako chala chikuyenda mofatsa m'mbali mwa chilonda.

"M'maso simunalowe?"

"Ayi."

"Chabwino. Enawa ndi masamba, aphuka."

Pamenepo ndiye ndinalira, n'kufotokoza zonse: za mphatso, za bana Chanda, za amayi busa, za bambo wa pa siteshoni. Atate anamvetsera akudula timagulu totsala tija ndi sizasi. Anatsuka zilonda ndi madzi a mchere, n'kupaka mankhwala ofiirira aja a zilonda, a jivi, mpaka mutu wanga unaoneka ngati biringanya.

"Ndiye mayi aja akudikira wigi mawa?" anafunsa.

"Ndikawauza kuti zalephereka."

"Munthu wodwala sauzidwa choncho."

Analowa m'nyumba, n'kutuluka atanyamula juzi yawo yakuda. Inali juzi yokhayo imene anali nayo, yomwe ankavala poima pa mageti m'mamawa. Anadula pamkono, n'kukoka ulusi. Unatuluka wopotanapotana chifukwa cha zaka zokhala wolukidwa, ndipo ataukweza padzuwa, unali ngati tsitsi la munthu. Anandituma kwa ba Esnart kukapempha kaneti kosokerapo wigi. Nditabwera anakaveka pa mphika wovundikira, n'kuyamba kulowetsa ulusi ndi kawaya kopinda, kumanga, kuluka, kulowetsa, kumanga, kuluka. Ine ntchito yanga inali kumasula juzi. Pamene dzuwa linkapendeka, manja onse awiri a juzi anali atatha, msana wake ukutsatira.

Amuna opita kumowa anaima monga mwa masiku onse.

"Ba Banda, manje muluka na mapoto?"

"Uyu ndiye kasitomala wabwino," atate anatero. "Sagwedeza mutu."

M'mawa wa Lamlungu ndinapeza wigi ili patebulo, timalukidwe tating'ono tofika m'khosi, mzere wa pakati wowongoka ngati wojambula ndi rula. Ndiulule apa: mtima wanga unalumpha. Ndinaiwala bana Chanda. Ndinainyamula ndi manja awiri kupita nayo ku kagalasi.

"Mukupita nayo kuti, Mayi?"

"Ndimangoti ndiyese..."

"Mutu wanu uli ndi mwini wake woulera. Iyo ndi ya amene munawalonjeza. Thamangani, asanayambe kudandaula."

Kutchalitchi kunadzaza. Atate anakhala kumbali ya amuna atavala shati yoyera yokha, manja atapinda pachifuwa, pamene anzawo onse anali m'majekete. Ana anapereka mataye awo ndi masokosi awo. Ndiye chitseko chinatseguka, bana Chanda n'kulowa, atawonda, akuyenda pang'onopang'ono atagwira mkono wa mwana wawo, koma mutu uli m'mwamba, malukidwe akugwedera. Nthungululu zinaphulika. Anapita molunjika pa benchi ya kwaya n'kukhala pamalo pawo.

Amayi busa anaimirira misozi ili m'maso. Ndinali ndisanapeze mpata (kapena kulimba mtima) wowauza zimene zinachitika.

"Tsitsi limene mukuliona pamutu pa mayi athuwa," anatero, "lapelekedwa na mwana wathu uyu, polemekeza atate ake. Bwela kutsogolo, mwanawe. Chotsa chitambala, mpingo uone nsembe yako."

Miyendo inandinyamula yokha. Ndinayang'ana atate. Anangokweza nsidze, ngati akuti zili kwa inu. Ndinamasula chitambala.

Mpingo umene unkayembekeza mutu wometedwa bwino unaona biringanya. Kamwana kena kanalira. Kumbuyo, kumene kunakhala amayi ena a pa mpopi paja, mabenchi anayamba kugwedezeka. Bana Chanda, mtima wawo wabwinowo, anafuna kundipulumutsa. Anasisita wigi n'kunena mokweza kuti, "Awe mwandi, tsitsi ya uyu mwana ni yofunda! Kuchoka m'mawa sininamveko mphepo olo pang'ono!"

Apo ndiye ndinalephera kupirira. Ndinanena zonse, pamaso pa abusa ndi akulu a mpingo: kuti tsitsi langa lili m'ngalande, kuti chili pamutu pa bana Chanda ndi juzi, ndipo kuti mwini juziyo ndi uyo akunjenjemera pa benchi yachitatuyo. Ndinati pa tsiku la abambo, ana ena aveka atate awo, ine ndawavula.

Anthu anaseka, inde, mpaka abusa anavula magalasi kupukuta m'maso. Koma kuseka kutatha, bana Chanda anaimirira, n'kuyenda okha popanda wowagwira mpaka kumbali ya amuna. Anagwada pamaso pa atate n'kuwomba m'manja mwaulemu. Atate anasowa poyang'ana. Anawadzutsa msanga, akuti, "Ayi, ayi, mayi, inali yakale kale, inali itayamba kubooka m'zigongono." Bana Chanda anayambitsa nyimbo ali pomwepo, mawu ofooka koma omwe aja, ndipo amuna amene ankaseka atate pakhomo paja ndinawaona ataimirira, akuwomba m'manja.

Pobwerera kunyumba mphepo inkaomba fumbi m'maso. Atate ankayenda mofulumira kuti afunde.

"Atate, pepani. Mphatso ndalephera."

"Mwamva mmene ayimbira mayi aja? Ine ndalandira." Anayenda pang'ono, n'kuwonjeza kuti, "Koma chaka chamawa, Mayi, ngati mtima ukukuvutani, mudzangondiphikira tiyi."

Sindinamve. Ndinaphunzira kuluka kwa amayi busa mobisa, ndipo Juni wotsatira ndinapereka juzi ya manja anga, kutsogolo kwa mpingo womwewo. Atate anayesa kuivala pomwepo. Mutu unakana kutuluka pakhosi. Anaima choncho kwa kanthawi, manja ali m'mwamba, nkhope ili m'kati, kenako mawu anamveka kuchokera mu ulusimo, ofatsa monga mwa nthawi zonse:

"Yafunda bwino, Mayi. Tabweretsani sizasi."