Nyemba Zanga pa Moto wa Eni

Lolemba

Mphepo ya mwera yafika ku Cuamba. Yapeza zitseko zonse zotseka kupatula changa, chimene sichitsekeka bwino.

Katundu wa m'chipinda muno:
ufa, theka la thumba
mchere, wambiri (mchere sunandikhumudwitsepo)
mafuta ophikira, ooneka ukapendeketsa botolo
nyemba za amayi, za chaka chatha, mbale imodzi
makala, pansi pa ndowa
ine

Makalawo ndiwo akundisowetsa mtendere. Thumba lina libwera Lamulungu pa chapa, minibasi yochokera kwathu ku Ngauma. Otsalawa angakwane kuphikira nsima mpaka tsikulo, ndikamawakoleza mwaulemu. Koma nyemba! Nyemba zimadya makala ngati mbuzi m'dimba la eni.

Mawu a bambo sakuchoka m'khutu. Tsiku lobwerera kuno anati: “Sukulu yakoyo ikudya makala kuposa uvuni wa njerwa. Zikapitirira, ubwere udzandithandize kusoka fodya.” Bambo sanena kawiri. Fodya ndimamudziwa ine, amamata m'manja mpaka sopo kugonja.

Ndiye nzeru nayi. Aphunzitsi a fizika akuti kutentha sikutayika, kumangosamuka. Pabwalo pano aliyense akaphula chake amasiya moto ukufa wokha. Moto wamasiye! Nyemba zanga zipsa ndi umenewo. Khala langa ngakhale limodzi ayi.

Ndaziviika m'mawa. Anankafumbwe ayandama, ndawatsanzika.

Madzulo ndapita ndi poto kwa mayi Asiyatu, eni nyumba, atangophula ndiwo zawo. Afunsa kaye ngati poto wanga anaphikapo nkhumba. Ndalumbira kuti sanaonepo nyama ya mtundu uliwonse. Aseka, andisunthira mbaula. Akuti Loweruka kuli sadaka ya malemu amuna awo, ndisasowe.

Madzi atentha. Awira pang'ono. Moto wafa.

Mayi Asiyatu avundukula, alawa ziwiri, akuti ndi miyala. Mwana wawo Zaina walawanso. Akugwirizana ndi amayi ake.

Chiyambi chabwino.

Lachiwiri

Nsima ndi mchere. Ndiwo zili m'njira.

Lero ndi a Jowakimu, atelala a pakhonde la kutsogolo. Ali ndi simbi ya makala, ndipo akamaliza kusita amakhuthulira moto pansi ngati zinyalala. Ndakhala ndikuwaona kuyambira chaka chatha. Mtima umandipweteka.

Ndawafotokozera za kutentha kosatayika. Andiyang'ana pamwamba pa magalasi, kenako atsegula simbi ngati kamwa la ng'ona, akuti tereka.

Poto sakhazikika pa simbi. Ndamugwirira ndi nsanza, nditanjuta, kope la mbiri lili pabondo chifukwa mawa kuli mayeso. Anthu odutsa akuima. Mayi wina wafunsa ngati masiku ano nyemba zikusitidwa.

Zawira kanthawi. Kenako kwabwera munthu ndi buluku la ku ofesi, a Jowakimu afuna simbi yawo.

Olawa lero:
a Jowakimu
mwini buluku
mayi wa funso uja
Zaina, amene sanaitanidwe

Palibe amene angadutse poto wa nyemba osafunsa kuti zapsa. Ukayankha kuti ayi, sakhulupirira. Ayenera kudzimvera yekha ndi dzino lake.

Ndikubwerera kuchipinda, Zaina akutuluka ndi makala odzaza manja awiri. Akuti amayi ake amutuma, awo atha, ndipo poti tsopano timaphikira pamodzi palibe vuto. Ndatsegula pakamwa. Ndakumbuka mbaula ya dzulo. Ndatseka.

Ndowa ikulira mokweza ndikaigogoda.

Lachitatu

Mayeso a mbiri. Funso lina linali la ufumu wa Maravi. Ndalemba zambiri za moto.

Lero ndaganiza zazikulu. Kumapeto kwa mudzi uno kuli chigayo cha dizilo cha a Saide, cha anthu otopa ndi kuzima kwa magetsi. Pambali pa injini pali mgolo wa madzi oiziziritsa. Madziwo amatentha tsiku lonse, nthunzi tolotolo, popanda chophika. Kuwononga kotani!

A Saide samva bwino chifukwa cha phokoso la zaka zambiri. Ndalankhula ndi manja. Ayankha ndi mapewa. Ndamanga chivundikiro ndi mphira wa njinga, ndakoleka poto ndi waya m'mgolomo ngati ndikuwedza.

Ndadikira mpaka nsidze zayera ndi ufa.

Amayi a pamzere afuna kudziwa chimene ndawedza. Ndavundukula. Cholakwa! Poto wayenda dzanja ndi dzanja kuchokera kutsogolo mpaka kumbuyo kwa mzere, aliyense ndi chiweruzo chake:
zikufuna chidulo
unathira mchere msanga (sindinathire)
nyemba za kumapiri ndi zamwano
wina anazilodza
ukwatire

Kunja zafewa pang'ono. M'kati muli mtima wa mwala. Ndipo tsopano zikununkha dizilo.

Pobwerera ndadutsa pamene chapa zimaima. Tome, kobradoro (kondakitala) wa chapa ya kwathu, amene amanyamula katundu wanga ndi nkhani za aliyense, wandikuwira ali pakhomo la galimoto: “Dotolo! Potoyo ukumuperekeza kuti?” Aliyense wa sekondale kwa iye ndi dotolo.

Apa ndiye pakamwa pandithawa. Ndamuuza kuti akauze bambo kuti mwana wawo akuphika nyemba tsiku lililonse osayatsa khala lake ngakhale limodzi, ndi sayansi yokha. Ndanena mokweza kuti okwera amve. Tome walawa imodzi, wagwira tsaya, akuti uthenga ufika lero lomwe.

Ndayenda ngati munthu wamkulu mpaka kunyumba.

A Jowakimu anabwera ndili kulibe. Simbi inazirala pakati pa diresi la ukwati. Atapa makala m'ndowa, auza Zaina kuti andiuze kuti zikomo.

Lachinayi

Sitima ya malasha imadutsa tauni ino tsiku ndi tsiku, yaitali moti ukayamba kuiyang'ana uli ndi njala imatha utaiwala. Mabogi ndi mabogi a moto, kupita kunyanja yamchere kukaphikira nyemba za anthu a maiko ena. Ine ndili pano ndi ndowa yanga.

Ndikuchokera kusukulu ndayenda m'mbali mwa njanji, maso pansi. Ndatola zibulumwa zakuda, zonyezimira, zolemera. Zadzaza matumba a buluku la yunifolomu. Uwu si moto wa mwini, ndi moto wotola. Palibe adzabwere kudzabwereka makala chifukwa cha uwu.

Malasha sayaka ndi machesi.
Sayaka ndi pepala.
Sayaka ndi mayeso a masamu a chaka chatha.
Sayaka ndi pemphero.

Kuti ayake akufuna moto wamphamvu pansi pake. Ndaika makala anga. Pang'ono. Kenako ena. Ndakupiza ndi chivundikiro cha ndowa mpaka mkono kuuma.

Ayaka! Koma chimene chatuluka si moto, ndi utsi wachikasu wonunkha mazira owola. Wakwera, waima kaye ngati ukuganiza, kenako walunjika pachingwe pamene mayi Asiyatu ayanika nsalu zoyera za sadaka.

Sanakalipe. Zikanakhala bwino akanakalipa. Anangoima, manja m'chiuno, nkunena kuti: “Mwananga, amako anakutuma kudzaphunzira kapena kudzayendetsa sitima?”

Ndachapa nsalu zonse ndi sopo wanga. Sopo uja sindinamulembe pa katundu wa Lolemba, ndipo tsopano palibe chifukwa chomulembera.

Nyemba: dizilo, ndi utsi wa sitima pamwamba. Kulimba chimodzimodzi. Zaina walawa, wapempha madzi.

Lachisanu

M'kalasi palibe akufuna kukhala pafupi nane. Sizachilendo, koma lero pali chifukwa. Matumba a buluku ada bii.

Wina wajambula poto wamiyendo pabolodi.

Dzuwa ndi laulere ndipo lilibe mwana woti limutume kudzatenga makala. Ndisanapite kusukulu ndinaika poto padenga la malata, mwala pamwamba. Ndabwerako, ndakwera pa ndowa, ndapeza mwala pambali, chivundikiro pansi, akhwangwala awiri atakhala ngati akuluakulu a bwalo. Alawa. Zambiri azilavula padenga pomwepo. Ndatola, ndatsuka, ndabwezera. Mulungu akhululuke.

Mwezi uno dzuwa la ku Cuamba silingatenthetse ngakhale buluzi.

Nyemba zinali mbale yodzaza. Tsopano pansi pa poto pakuoneka. Sindinadyeko ngakhale kamodzi, koma theka la mudzi likudziwa kukoma kwake.

Obwera kudzapala makala lero:
Zaina, a tiyi wa alendo a sadaka amene ayamba kufika kuchokera ku Mandimba
a Jowakimu, chifukwa alendowo akufuna mikanjo yawo yositidwa
mnyamata wa a Saide, amene wangoloza ndowa nkuloza kumene kuli chigayo

Chigayo chimafuna makala? Sindinafunse. Ndinaphikira m'mgolo mwawo.

Ndikuona tsopano chimene aphunzitsi sananene. Kutentha kumasamukadi. Koma kumadziwa njira yobwerera kwawo, ndipo pobwerera kumatenga ndi kwako komwe.

Otsala m'ndowa: fumbi, ndi makala ochepa oti ndingawatche maina. Ndaphika phala. Nsima ndi ya anthu olemera.

Loweruka

Sadaka!

Kutacha bwalo ladzaza. Mafuwa paliponse, nkhuni zenizeni, zikuni zonenepa ngati ntchafu. Miphika yoti mwana angasambiremo. Mpunga, mbuzi, thobwa m'migolo, nyemba zawo mumphika waukulu pakona. Moto wochuluka chonchi sindinauonepo chichokere kwathu. 

Lero zipsa. Zikapanda kupsa lero ndiye kuti si nyemba.

Ndadikira amayi ophika atembenuke, ndakankhira poto wanga m'mbali mwa chikuni, pamene malawi akungotayika. Sindinapemphe aliyense, kuti pasapezeke wodzabwereka. Ndamva kubwata kwenikweni koyamba sabata ino. Ndatsala pang'ono kulira.

Kenako andituma kukatunga madzi. Kenako kukabwereka mikeka. Kenako kukaitana a shehe. Pa sadaka mnyamata sakhala pansi.

Ndabwera, poto ali pa thandala. Wotsukidwa. Wovundikira. Akuwala kuposa tsiku limene anagulidwa.

Mayi wina wachikulire, mlongo wa malemu, wandigwira dzanja ndi manja ake awiri. Akuti anaona kapoto pambali pa moto, anafunsa mwini wake, anauzidwa kuti ndi mwana wasukulu wa chipinda chakumbuyo, Mkhristu, wosauka ngati khoswe wa kutchalitchi, koma wabweretsa chopereka chake mwakachetechete osafuna kutamandidwa. Nyembazo anazikhuthulira mumphika waukulu. Akuti malemu akondwa.

A shehe anditchula m'dua, pemphero lawo. Anthu onse ayang'ana kwa ine. Mayi Asiyatu ayang'ana kumwamba, milomo ikunjenjemera, ndipo sikunali kulira.

Ndadya. Ndisaname, ndadya ngati dzombe. Mpunga, nyama, nyemba. Pakati pa nyemba zofewa dzino langa lagunda imodzi yolimba, ya kafungo ka dizilo. Ndaizindikira. Ndaimeza yonse ngati mankhwala.

Chapafupi mkulu wina wa ku Mandimba wagwira tsaya, wayang'ana m'mbale, wayang'ana kumwamba, wapitiriza kudya.

Makala omaliza apita ndi tiyi wa a shehe. Munthu amene watchulidwa m'dua sakaniza makala.

Lamulungu

Ndapita kutchalitchi ndi buluku la matumba akuda. Ndapempherera chapa.

Masana ndili pamalo oimira, ndowa ndaisiya itatsukidwa, yokonzeka. Chapa yafika, nkhuku ndi njinga padenga. Ndikuyang'ana thumba lalitali lakuda, losokedwa ndi udzu kukamwa. Palibe.

Tome watsika, wandipatsa moni wa manja awiri, ulemu umene sanandipatsepo. Akuti uthenga anaufikitsa, ndipo bambo anaubwereza kwa aliyense pa shedi ya fodya mpaka anthu kutopa nawo. Wayeretsa kukhosi kuti anene monga ananenera iwo: “Kamuuze kuti sukuluyo amalize, fodya tisoka tokha. Makala ndagulitsa, poti iye safunanso.”

Kenako wasolola thumba pansi pa mpando. Lolemera. Lolira ngati miyala ya mumtsinje.

Ili ndi la amayi. Amva kuti ndimaphika nyemba tsiku lililonse, ndipo adandaula kuti zaka zonsezi sanadziwe kuti ndimazikonda chonchi. Akokola nkhokwe yonse. Za chaka chatha zomwe zija.

Ndasenza. Tome wandikuwira kumbuyo kuti ndikadzakhala nduna ndisamuiwale.

Katundu wa m'chipinda muno:
ufa, wocheperapo
mchere
botolo
nyemba, zokwana mpaka mvula
ndowa yoyera bwino
ine, mwana wasukulu mpaka chaka chithe

Sitima ya malasha ikudutsa. Sindikuiyang'ana.

Ndaviika mbale imodzi. Anankafumbwe ayandama, tapatsana moni.

Panja mayi Asiyatu aphula ndiwo, moto udakali wofiira. Ndatulukira pakhomo ndi poto. Andiona. Anyamula mbaula ndi nsanza, moto uli momwemo, alowa nayo m'nyumba, atseka chitseko.

Chawo chimatsekeka bwino.