Zigoba Zanga Zili ku Katete

Pali kanthu kamene ndabisa mpaka lero, ngakhale kwa mwamuna amene ndimafunda naye bulangete limodzi. Apongozi anga ku Katete amagonera zigoba za nkhono za m'nyanja pansi pa matiresi, ndipo anawapatsa zigobazo ndine.

Zinayamba mwana wathu Chisomo akadali wakhanda. Masiku amenewo ndinkanunkha mkaka ndi sopo wa matewera, tsitsi lili m'duku osapesa. Atate a Chisomo anabwera kuchokera kuphwando la kuntchito ku Kabulonga, konkuno ku Lusaka, akutama chakudya. Eti maoyisitara, nkhono za m'nyanja yamchere zowotchera m'zigoba zake momwemo, kaphikidwe ka ku Japan.

"Ba Mwape a ku ofesi ndiwo anatisankhira. Aja amadziwa zinthu!"

(Ba Mwape ndi mkazi. Alibe mwana. Tsitsi lawo limagwera pamapewa.)

Ndinaonera kavidiyo ka kaphikidwe kake pafoni ndikuyamwitsa mpaka ndinakaloweza. Zosavuta: uyala mchere wamiyala m'thireyi kuti zigoba zisapendeke, uzikhazika pamwamba, upaka mayonezi wosakaniza ndi miso, phala lina la soya lofiirira, kenaka mu uvuni. Loweruka bambo atapita kukaonera mpira, ndinabereka mwana, kukwera minibasi pa Chelstone pamene timakhala, kukagula maoyisitara ouma ndi ayezi m'shopu ina ya anthu olemera. Miso kunalibe. Ndinayang'ana chithunzi, ndinaona mtundu wake ngati wa chiponde. Ndinati soya ndi nshawa zonse ndi za m'munda, zisiyana pati? (Ndili ndi setifiketi ya kukoleji ine, yoikidwa m'felemu.)

Nditangomaliza kupaka, magetsi phethi! Ndinakoleza mbaula pakhonde, kukhazikapo thireyi, kuvundikira ndi beseni. Mchere unayamba kuthetheka. Mayonezi anasefukira pamalasha, utsi wakuda tolo, fungo ngati wina akuwotcha nsapato m'dambo. Ndinachotsa beseni ndi dzanja, chala chinapsa. Chisomo akulira kumsana, ine ndagwada ndi chitenje cha m'chifuwa, ndikuuzira moto, ndikupemphera mokweza:

"Akadya andikonde, Ambuye. Andikonde ine ndekha. Za Mwape aiwale, aiwaliretu!"

"Odi kuno."

Apongozi. Mayi wa mwamuna wanga, thumba la nshawa pamutu. Anabwera kudzapimitsa maso, osaimba foni monga mwa nthawi zonse. (Masowo amati saona bwino. Tsiku limenelo anaona zonse.) Anatula thumba. Anayang'ana zigoba zondanda pamchere, utsi, ine chogwada.

"Make Chisomo, Mwape ndani?"

M'mutu mwanga ndinaona kale alangizi a ukwati atakhala pamphasa, amalume anga ataitanidwa, ine ndikubwezedwa kwathu kuti ndimadyetsa mwana wa eni kondaine. Mayi ameneyu chikwatiwireni ine anali asanandisekererepo. Nthawi zonse ankati atsikana a m'tauni amangodziwa kupenta zikhadabo.

"Amayi, ndi ndiwo chabe. Za ku Japan."

"Ndiwo zogona pamchere? Iwe, ine ndakula. Anakupatsa ndani?"

"Ndinaona pafoni, amayi."

"Hoo. Masiku ano asing'anga ali pafoni."

Anandimasula mwana kumsana n'kulowa naye m'nyumba.

Bambo atafika anaima pakhonde. Anaona thireyi yakuda, chala changa chokulungidwa nsanza, maso anga ofiira. Ndikuganiza kuti anamvetsa zonse nthawi yomweyo. Anakhala pansi, anatenga chigoba chimodzi, anameza. Ndinaona kholingo likulimbana nacho.

"Muli chiponde umu?"

"Pang'ono."

Anaseka mpaka misozi, koma anadya zonse. Kenaka munthu uja anatsuka mapoto, anasambitsa mwana, anandipaka mafuta pachala n'kundiitana "switi" amayi ake ali pomwepo. Apongozi anali pampando, kukamwa yasa. Mwana wawoyo kwawo sanatsukepo ngakhale kapu. (Zoti mawa lake mwana wawoyo anajomba kutchalitchi chifukwa cha m'mimba, apongozi sanazione. Anali atapita ku Misa yoyamba.)

Lolemba m'mawa ndikuyanika matewera kuseri kwa nyumba, ndinamva apongozi akubwera. Ndinati basi, mlandu wayamba. Anayang'ana uku ndi uku.

"Mwananga, zigoba zija wataya?"

Mwananga! Ine!

"Zili m'bini, amayi."

"Katole. Apongozi ako aamuna aja chipumireni ntchito amangokhalira kusewera nsolo kumsika. Ndiphike, ndichape, ngakhale zikomo. Amalowa m'nyumba ngati alendo a pa resitihausi."

Choonadi chinali pamlomo penipeni. Koma ndinayang'ana nkhope yawo: mayi wolimba uja, akuchita manyazi ngati kamtsikana. Ndinakatola zigoba, kuzitsuka, kuzimanga m'kapepala ndi mchere wotsala.

"Ndizichita bwanji?"

"Pansi pa matiresi, amayi." Mawu anangotuluka okha. Kenaka chikumbumtima chinanditsina, ndinawonjezera: "Koma sizigwira zokha. Muwaphikire chimene amakondetsetsa, ndipo akamadya mukhale nawo pomwepo, muzicheza. Osawakalipira tsiku limenelo."

"Osakalipa tsiku lonse?"

"Ndiye chizimba chake, amayi."

Anapumira m'mwamba. "Mankhwala a ku Japan ngovuta."

Tsopano amandiimbira foni okha. Akuti mdala anawagulira chitenje chatsopano, ndipo popita kudimba amawanyamulira khasu. Kwa achibale onse ine ndine "mpongozi wanga wanzeru wa ku Lusaka". Bambo amadabwa kuti tinayamba liti kugwirizana chonchi, ine ndimangoti ndi mphamvu ya Chisomo. Maoyisitara sindinaphikenso, ndipo bambo sanatchulenso Ba Mwape.

Vuto ndi ili. Sabata yatha apongozi anaimba monong'ona. Anzawo a m'bungwe la amayi aona kusintha kwa mdala, ndipo ena akufunako. Akuti ndikapita pa Khirisimasi ndinyamule zigoba zambiri, zikuluzikulu.

Ndiye anzanga, ndiuzeni. Ndikaulula, mdala abwerera kunsolo, ine ndibwerera kukhala wopenta zikhadabo. Ndikakhala chete, ndine sing'anga wa ku Chelstone, wa setifiketi m'felemu. Kodi ndinalakwa kutola zigoba zija m'bini?