Bwana Suti Kudambo la Mpunga

Lolemba

Wailesi yalengeza kuti Bwana Suti wamwalira. Dzina lake lenileni n'lopinda lilime, kuno timangoti Bwana Suti, chifukwa m'mafilimu ake a ukazitape amamenya anthu khumi, kudumpha pasitima ikuthamanga, koma suti osada, tayi osapendekeka. Zandikhudza. Tiyi wazizirira m'kapu.

Zaka zija ndinali womasulira pa vidiyo sho ya kumsika. Chizungu ndinkamva theka, theka linalo ndinkadzaza ndekha, ndipo anthu ankakonda langalo. Masiku ano palibe amene amandimvetsera mpaka kumapeto.

Ndaganiza: Loweruka masana ndionetsa filimu yake pakhomo pano, ndimasulirenso ngati kale. Zofunika: matepi (ali m'katoni pansi pa bedi), deki, tivi, mabenchi. Mawu ndili nawo kale.

Lachiwiri

Katoni ndatulutsa. Matepi asanu ndi awiri, onse opepuka modabwitsa. Ndikusuzumira: m'kati mbee. Zigoba zokhazokha!

Ndafunsa akazi anga, mayi a Asiyatu. Osatembenuka n'komwe, akuti: "Ali kuntchito kudambo. Anagona mokwanira pansi pa bedipo."

Lachitatu

Ndili kumunda wathu wa mpunga. Zoonadi. Anasolola tepi yonse n'kuimanga patimitengo, uku ndi uku, munda wonse. Ikunyezimira padzuwa, ikulira ndi mphepo, mpheta sizikuyandikira. M'minda ya anzathu anthu akukuwa chiyambire m'bandakucha, akumenya zitini. Kwathu zii. Nzeru ndi yabwino, ndivomereze, koma munthu anapulumutsa dziko kasanu ndi kawiri sangathere pa ulonda wa mbalame.

Mayi a Asiyatu apita ku Kanyenda kukaona mchemwali wawo, abwera Lachisanu. Ndamasula zonse, ndalonga m'thumba. Mpheta zikundiyang'ana mumtengo. Masiku atatu okha, zingadye chiyani?

Lachinayi

Kukulunga tepi ndi chala kuyambira m'mawa. Poduka ndikulumikiza ndi selotepi. Vuto: sindikudziwa chingwe chiti ndi filimu iti. Zonse n'zakuda mofanana. Ndangophatikiza zowoneka zolimba, yatuluka tepi imodzi yonenepa.

Deki ndapita nayo kwa a Yusufu okonza mawailesi. Atsegula, mwatuluka mphemvu zitatu ndi chisa cha mavu. Akuti: "Achimwene, ichi chinatsogola kalekale, Bwana Sutiyo wachita kuchitsatira." Komabe aipukuta, aiwuzira, kagetsi kayaka. Ndabwerera ndikuimba mluzu.

Lachisanu

Titatuluka mumzikiti ndalengeza kwa anzanga akale. Asangalala kuposa mmene ndimayembekezera. A Jafali, amene sankaphonya sho ngakhale kamodzi, akuti: "Muike ija anamenyana ndi ng'ona pamtsinje wa Bua." Ng'onayo munalibe. Ndinaiwonjezera ndekha tsiku lina chithunzi chitada. Sindinawauze.

Mayi afika masana, apita kudambo, abwerako. Andipatsa madzi osamba, chakudya, mpaka kundifunsa ngati mchere wakwana. Ndikuchita mantha.

Loweruka

Khonde ladzaza, ena akhala pansi. Takoloweka bulangeti kutchinga dzuwa. Ndaika tepi.

Poyamba mizeremizere ngati mvula. Kenako mwendo. Kenako Bwana Suti, mnyamata, akulowa pachitseko ndi mfuti. Akutulukira mbali inayo ali ndi imvi, ali m'boti. Galimoto ikuyenda chadodolido. Mdani amene waphedwa kumene akumwa tiyi. Mafilimu asanu ndi awiri mumphika umodzi!

Ndatsegula pakamwa basi. Ndati imvizo n'zodzisintha kuti adani asamuzindikire. Womwa tiyiyo ndi mapasa ndi malemuyo. Anthu chete, makosi kutsogolo, a Jafali kukamwa yasa ngati kale. Mtima wanga unadzaza, sindinama. Mphindi zingapo ndinali ine wakale uja.

Kenako deki yalira kwee, yatafuna tepi, yazima. A Jafali akuti: "Nanga ng'ona?"

Apo mayi atulukira ndi ngala za mpunga m'manja, zopanda njere, mankhusu okhaokha. Aziika pamwamba pa tivi, pamaso pa anthu onse, mwaulemu kwambiri: "Bambo a Asiyatu, timasulireni izinso."

Anthu atsanzika mmodzimmodzi. A Yusufu anyamula benchi lawo.

Lamulungu

Kudambo kusanache. Mbali yakumtengo yonse mpheta zapulula, tifune tisafune, chaka chino tigula mpunga kumsika ngati alendo. Tepi yotsala ndi zidutswa, singamangikenso. Mlonda tsopano ndine, mpaka kukolola.

Chitini sindikuchifuna. Ndikuimirira pamzere, ndikuyamba ndi mawu aja a pa sho: Bwana Suti walowa, adani khumi, sitima ikuthamanga! Mpheta zonse pululu, kuthawa ndisanafike n'komwe pa ng'ona.

Mayi abweretsa tiyi. Aima pang'ono kumvetsera, akuti: "Mawuwo akadalipo ndithu. Muzikuwira chakumtengoko."