Chandamale cha a Ken

Lolemba, 12 Malichi
Lero Middlesbrough yandizindikira! A Ken, mkulu woyandikana nafe amene adapuma kufakitale ya zitsulo, akufuna miyendo itatu, uliwonse woimikapo chandamale chake, kukalabu yawo ya mfuti za mphepo. Ndawauza zoona zokhazokha: ku Ndirande ndinkati ndikawotcherera geti, akwati ankabwera kudzajambulitsapo. Akuti ntchito ikakoma, kiyi wa shedi yawo ndi makina owotcherera ndi zanga, poti iwo manja adayamba kunjenjemera. Mopu wa kusupamaketi, yamba kutsanzika abale ako!

Lachiwiri, 13
Manja akukolopa, mtima uli kushedi. Pansi ponyowapo ndikuona dzina langa m'zilembo zagolide. Zofunika:
- chikwangwani
- ovolosi yabuluu
- sekilitale
- zitsulo (izi a Ken ali nazo)
Akazi anga, mayi a Tadala, pochokera kuntchito kuchipatala: "Bambo, shelefu ya kubafa ija ikudikirabe injiniya." Nsanje ya manesi!

Lachitatu, 14
A Ken andipatsa chojambula chawo. Chisoni! Mbale ya chandamale aijambula yowerama ngati mkamwini pamaso pa apongozi. Manja aja basi. "Fifteen degrees, mate," akutero, kawiri konse. Ine "yes, yes," mwaulemu. Wamkulu sumutsutsa pamaso, umangomukonzera mwakachetechete. Kwathu chinthu chopendekeka sichituluka pakhomo pa mmisiri. Mawa akupita ku Liverpool kwa mwana wawo, tikakumana Loweruka kukalabu. Kiyi andibwereka. Ndikumupsompsona.

Lachinayi, 15
Moto ukuthetheka ngati ziphaniphani. Fungo lake! Ndikatsinzina ndili pamsika, dzuwa pamsana, wailesi ikulira. Ndikatsegula maso, mvula. Mbale ndaziimika chilili, ngati asilikali a pa perete. Ndawonjezera maluwa opiringiza ngati a pawindo la bwana, azungu aoneko luso. Maluwawo adya zitsulo za mwendo wachitatu. Palibe kanthu. Iwiri yokongola iposa itatu yamaliseche.

Lachisanu, 16
Ulendo wokasiya katundu kukalabu. Kulemera kwake, njovu yapakati! Dalaivala wa basi wangoyang'ana, chitseko n'kutseka. Kwathu kondakitala akadakweza pamwamba, mbuzi n'kumangirirapo. Umodzi ndaubweza kushedi, winawo paphewa, wapansi. Ana asukulu akuwomba m'manja. Kutchuka kwayamba. Phewa lamanzere silikundiyankha.

Loweruka, 17
A Ken achedwa. Mayi wina wa tsitsi loyera akusisita maluwa anga: "Ooh, lovely!" Ndamva bwino ndi makutu anga. Mayiyo akulozetsa mfuti pachandamale changa. Ngwee! Kulira kwake ngati belu la tchalitchi, ndatsala pang'ono kugwada. Pomwepo kachipolopolo kabwerera ngati kaiwala chikwama, n'kudzati pho! pafulasiki ya a Ken, amene angolowa kumene. Tiyi m'nsapato. 
Kani mbale imawerama dala, kuti chipolopolo chikamenya chizigwera pansi! Manja a a Ken alibe mlandu. Sadakalipe. Angotambasula dzanja, ndipo lero silikunjenjemera n'komwe. Kiyi wapita.

Lamulungu, 18
Kutchalitchi ndawauza anyamata kuti chandamale changa n'choyamba mu England muno kubwezera adani. Aseka mpaka m'busa kutembenuka.
Miyendo yonse iwiri a Ken andibwezera, ili kuseri kwa nyumba. Mayi a Tadala ayanikapo mayunifolomu, akuti maluwawo amagwira bwino kolala. A Ken alankhula pampanda: ndizipita Lachiwiri lililonse kukaphunzira, kiyi azisunga okha. Ine, kuphunzira! Ndayankha "yes, yes." Ulendo uno ndafunsanso kuti chifukwa chiyani.
Mawa mopu. Chikwangwani chagolide ndachisunga m'mutu, mulibe dzimbiri mmenemo.
Madzulo mayi andipatsa shelefu ndi misomali: "Iyi yokha, a injiniya, ikhale yowongoka."