Tsiku limene ndinaloza nyumba ya eni

Anzanga, bodza lina limakuperekeza mpaka pageti. Nditangoyamba ntchito ya ukalaliki m'tauni muno, anzanga a mu ofesi ankakonda kufunsana kumene munthu amakhala, ndipo ukatchula malo a matope ankakuyang'ana nsapato. Ine ndinkachita lendi kachipinda ku Chibavi, koma pofuna kuti asandiderere ndinangoti ndimakhala kumayadi. Ndani akanakafufuza?

Ndiye Lachisanu lina mvula ija ya ku Mzuzu yosadziwa kukata inatipeza poweruka. Ndaima pakhonde kudikira kabaza, abwana athu aakulu, Mayi Nyirenda, anaimitsa galimoto n'kunena kuti amva zoti ndimakhala kumayadi, nawonso akulowera komweko, ndikwere. Ndikanakana bwanji? Ndinakwera.

M'malo moulula, ine ndi pakamwa pangapa ndinayamba kulozera njira. Apa kumanja, apo kumanzere, malo oti sindinapondeko chibadwire. Iwo ankangoti "ehe", akuwongolera. Kenaka ndinaona geti lobiriwira, mpanda wautali, maluwa ali mbwee, ndinati basi ndi pano, anditsitse panja pomwepa. Maganizo anga anali oti akangokhota, ine liwiro la ku Chibavi.

Anandifunsa ngati ndikunenadi nyumba imeneyo. Ndinavomera, n'kuwonjezera kuti utoto wa getilo ndinasankha ndekha, kungoti galu wathu ndi wolusa, asavutike kulowa. Mukuona uchitsiru wake? Ndinathokoza ndithu, yewo chomene, dzanja lili kale pachitseko.

Mayi aja anangoliza hutala kawiri. Geti linatseguka, mlonda akuwerama, galu akugwedeza mchira kuthamangira galimoto. Tinalowa mpaka m'garaja. Anazimitsa injini, n'kunditembenukira mwaulemu wonse.

"Tafika, a Tadala. Koma mundikhululukire, zaka zonsezi sindimadziwa kuti timakhala limodzi. Chipinda chanu ndi chiti?"

Mayo ine! Manyazi ake ndinalakalaka mpando undimeze. Ndinaulula zonse, ndikuganiza kuti ntchito yathera pomwepo. Iwo anaseka mpaka misozi, anandipatsa tiyi, n'kukanditula okha ku Chibavi, galimoto ikuterereka m'matope, aneba onse ali pakhonde kuonerera. Ku ofesi sanauze munthu, koma Lolemba lililonse amandifunsa ngati galu wathu wadya.

Ndinalapa. Pano munthu akangondipatsa moni, ndimayamba ndi kunena kuti ndimakhala ku Chibavi, kuseri kwa chigayo, asanafunse n'komwe.